Kawotchi ka tomato kanandibwezera pensulo m'manja

Papita miyezi 8 chiyambireni kugwiritsa ntchito kawotchi aka nde ndaona kuti tsopano ndikhoza kukamba zake mosakokomeza, zabwino ndi zoipa zomwe. Ndikunena ka kukhitchini kaja, kofiira, kobulungira ngati tomato, kamene anthu amatchera akaika mphika pamoto kuti asaiwale, ena amangoti timer. Kalibe batire, kalibe sikirini, sikalumikizana ndi foni, kamadziwa chinthu chimodzi basi, kuwerenga mphindi kenako nkulira. Ine sindiphikira ayi, ndimajambulira, ndipo ndinene poyamba pomwe kuti kakanapanda kubwera m'nyumba mwanga mapensulo anga bwenzi akadali m'drowa mpaka lero.

Ine ndimajambula nkhope za anthu ndi pensulo. Si ntchito yanga, ntchito ndili nayo ina yamasana, izi zinali zamadzulo ndikaweruka, kungokhala pansi ndi pepala, pensulo ya HB yoyambira mizere, za 2B ndi 6B zodera kwambiri zija zamithunzi, labala pambali, ndiye basi mutu wonse umapepuka, zovuta zakuntchito zija zimatsalira pakhomo. Zaka zingapo zinali choncho, palibe amene amandiwerengera, ndikafuna ndijambula ndikapanda kufuna ndigona. Kenako ndinayamba kumaika zojambulazo pa intaneti kuti anzanga aziona, anthu nkumayamikira, ndipo sindinama zinkandikoma kwambiri. Mavuto anayambira pomwepo koma mwakachetechete. Uyu akuti mundijambulireko mayi anga, uyu akuti mwana wanga akukwanitsa chaka Loweruka nde ikhale itatha Lachisanu, wina wangotumiza chithunzi usiku osapereka ndi moni womwe, ine kukana kumandivuta, ndimangoti chabwino, chabwino, mpaka mndandanda unafika anthu 11 odikira.

Pamwamba pa izo ndinadziikiranso lamulo ndekha loti tsiku lisadutse osajambula, chaka chonse. Ndinaika ka apu kena pafoni kowerengera masiku, ukajambula umadina, nambala nkukwera, ukaphonya tsiku limodzi nambala ibwerera pa ziro. Masiku oyambirira kankandilimbikitsa ndithu. Koma nditadutsa masiku 100 ndinazindikira kuti sindikujambulanso chifukwa chofuna, ndikujambula kuopa kuti nambala ija ingagwe. Ndimafika kunyumba nditatopa, mutu ukuwawa, 11 koloko usiku ndili pa tebulo kukhwatchakhwatcha chilichonse kuti ndingodina kabatani kaja ndikagone.

Tsiku limene zinandikwana ndimalikumbukira bwinobwino. Ndinali pa nkhope ya agogo ena aamuna, chithunzi chokongola zedi, makwinya a pamphumi ngati mizere ya m'munda, diso lakumanja ndinali nditamaliza ndipo linatuluka bwino, kakuwala kaja ka pakati pa diso kali mbee. Nditagwira pensulo kuti ndiyambe lakumanzere dzanja linangoti lende. Osati kupweteka, koma mumtima munalibe kanthu, ndimayang'ana pepala lija ngati ndikuyang'ana ngongole. Fungo la pensulo yongosongola kumene, limene ndinkalikonda kuyambira ndili mwana, linandinyansa. Ndinatsekera zonse m'drowa, agogo aja ndi diso lawo limodzi, ndipo ndinatha miyezi 3 osatsegula. Chimene chinkandiwawa kwambiri nchoti chinthu chimene ndinkathawirako ndikatopa nchomwe tsopano chinkanditopetsa, nde ndithawira kuti?

Kutopa kwa mtundu uwu kuli ndi dzina, amati burnout, ndipo mbiri ya dzinali inandigwira mtima. Amene analitchukitsa ndi katswiri wa zamaganizo Herbert Freudenberger mu 1974, ndipo anthu amene ankawaona akutheratu mphamvu anali ongodzipereka pa kiliniki yaulere ku New York, anthu obwera okha chifukwa chokonda kuthandiza, osati okakamizidwa ndi bwana. Ndiye kuti kuyambira pachiyambi pomwe vutoli limagwira kwambiri anthu amene chinthucho amachikonda. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linafotokoza burnout mu ndondomeko yake ya matenda ndi mavuto a zaumoyo yotchedwa ICD-11, silinati ndi matenda ayi, linati ndi vuto lochokera ku kupanikizika kwa kuntchito kwa nthawi yaitali kumene sikunasamalidwe, ndipo linatchula zizindikiro 3: kutheratu mphamvu, kutalikirana ndi ntchitoyo mumtima mpaka kumaiona ngati yachabe, komanso kuyamba kuigwira mosalongosoka. Iwo amanena za kuntchito kokha, osati zinthu zongosangalatsa. Koma ine zonse zitatu zinandipeza pa tebulo langa lojambulira, chifukwa chake nchoti kujambula kuja ndinali nditakusandutsa ntchito yachiwiri, ya masiku omalizira ndi anthu odikira, kungoti yopanda tchuthi.

Palinso kafukufuku wina wa mu 1973 amene amandikhudza chifukwa ndi wa zojambula zomwe. Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anatenga ana a ku sukulu ya mkaka ya pa yunivesite ya Stanford, ana oti ankakonda kale kujambula okha popanda wowauza. Gulu lina analiuza kuti mukajambula tikupatsani satifiketi, lina analipatsa satifiketiyo mwadzidzidzi atamaliza kale, lina sanalipatse kanthu. Patapita masiku anawaikiranso zojambulira mkalasi nkumawaonera patali. Ana amene analonjezedwa mphoto aja anathera nthawi yochepa pa zojambula, pafupifupi theka la anzawo aja. Anawo luso linalipobe, chimene chinasintha nchifukwa chojambulira. Ine satifiketi yanga inali mayamikiro a anthu ndi kanambala ka pafoni kaja.

Kawotchika kanabwera ndi mlongo wanga wamng'ono. Iye amaluka, zipewa, timasokosi ta ana, zoyala pa tebulo, ndipo nthawi ina mkono unkamuwawa chifukwa choluka maola ambiri osapumira. Atabwera kudzacheza anaona tebulo langa lili mbee, palibe ndi nyenyeswa za labala zomwe, nde anandifunsa.

"Achimwene, mapensulo aja ali kuti?"

Ndinamuuza kuti ndinasiya, zinanditopetsa. Sanatsutse, anangotsegula chikwama chake cha ulusi nkutulutsa kanthu kofiira nkukaika pa tebulo.

"Tengani aka. Mukatchere pa 25, kakalira muimirire olo zikukoma bwanji. Ine nkamene kanandipulumutsa mkonowu."

"Nanga iwe uzigwiritsa ntchito chani?"

"Ndili nako kena achimwene, inu ingoyesani sabata imodzi, mukakaona kachabe mudzandibwezera."

Kanakhala pa tebulo masiku anayi ndisanakakhudze.

Kapangidwe kake nkosavuta. Kali ndi mbali ziwiri, yapansi imakhala chilili, yapamwamba imazungulira, pakati pali mzere pamene zakumana ndipo mozungulira mzerewo alembapo manambala oyera, 0, 5, 10 mpaka 55, ndi timizere ta mphindi imodzi imodzi, kutsogolo kuli kamuvi kolozera. Mkati muli sipulingi ndi kabelu. Ukapotokola mutu wake umamva kakulimba m'dzanja, krrrr, ukakasiya kamayamba thiki thiki thiki kubwerera pang'onopang'ono ku ziro. Chinthu chimodzi chimene ambiri sadziwa, ndipo ine chinandisokoneza tsiku loyamba, nchoti suyenera kungopotokola kufika pa 25 nkusiya. Uyambe wazungulitsa mpaka kumapeto, cha ku 55 uko, kenako ubwerere pa nambala imene ukufuna, chifukwa kuzungulitsa konseko nkumene kumakoka sipulingi ya belu. Ukapanda kutero belu limangoti ngri kamodzi ngati likudwala, pena osalira nkomwe.

Nambala ya 25 ija mlongo wanga sanaipeke. Inachokera kwa Francesco Cirillo wa ku Italy, amene chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ali mwana wa sukulu ku yunivesite ankavutika kuika mtima pa kuwerenga, nde anatenga kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato nkumadzitchera. Tomato m'Chitaliyana amati pomodoro, nchifukwa chake njirayi mpaka lero imatchedwa Pomodoro. Malamulo ake ndi oti ugwire chinthu chimodzi mphindi 25 osadukiza, upume mphindi 5, ukapanga maulendo 4 upume nthawi yotalikirapo, mphindi 15 mpaka 30. Anthu ambiri amaigwiritsa ntchito kuti apange zambiri pa tsiku, ulendo umodzi wa mphindi 25 nkumautcha tomato mmodzi, amawerenga kuti lero ndapanga matomato 10, mawa ndipange 12.

Ine ndinaitembenuza, ndipo apa mpamene pagona nkhani yanga yonse. Sindimakatchera kuti kandithamangitse, ndimakatchera kuti kandiletse. Ndinadziuza kuti madzulo amodzi matomato asapitirire 2, ndipo kakalira kachiwiri pensulo pansi, olo nditakhala pakati pa nsidze. Kuchepera apo nkololedwa, limodzi, theka, ngakhale osakhudza nkomwe, palibe amene akuwerenga. Kupitirira nkumene kuli koletsedwa. Munthu amene watopa ndi chinthu chimene amachikonda safunika chikwapu china, zikwapu ali nazo kale zambiri, chimene akusowa ndi mpanda.

Tsiku loyamba sindinakhudze ndi pepala la agogo lija, ndinatenga pepala lina nkumangojambula kapu imene inali patsogolo panga. Chimene chinandithandiza kukhala pansi nchoti ndimadziwa kuti zitha, mphindi 25 zokha, sindikulowa m'chinthu chopanda mapeto ngati kale pamene ndikakhala pa mpando sindimadziwa kuti ndidzuka nthawi yanji. Belu litalira ndinadzidzimuka, kawotchi kanjenjemera pa tebulo mpaka kusuntha pang'ono, ndipo ndinadabwa kuona kuti ndikufuna kupitiriza, chogwirira cha kapu chija chinali chisanathe. Ndinaimirira ndithu monga anandiuzira mlongo wanga. Mawa lake kuntchito masana ndinapezeka ndikuganiza za mthunzi wa pansi pa chogwirira chija, kuti ndikauyambe ndi 2B kapena ndingolowa ndi 6B. Abale, panali patapita nthawi yaitali bwanji ndisanalakalake kujambula. Njala ija inabwerera chifukwa ndinachoka pa tebulo ndisanakhute.

Ndiye chimene ndaphunzira nkawotchika nchoti kale ndinkasiya kujambula pokhapokha nditatheratu, maso akuwawa, khosi lauma, nkhope yayamba kuwonongeka chifukwa chofufutafufuta. Ndiye kuti chomaliza chimene thupi limakumbukira za kujambula tsiku lililonse chinali kutopa. Ukachita zimenezo masiku 100 otsatizana usadabwe kuti dzanja likukana pensulo. Pano chomaliza chimene ndimakumbukira ndi kukoma, ndi kakusauka mtima kaja koti aaa ndikanangomaliza kamphuno aka.

Ena andifunsa kuti bwanji osangotchera alamu ya pafoni, si chimodzimodzi? Ndinayesa, si chimodzimodzi. Foni ndi kumene kuli anthu odikira aja, ukangoitsegula kuti utchere nthawi waona kale mauthenga 6, wina akufunsa kuti chithunzi chija chili pati, waona zojambula za anthu ena aluso kuposa iwe, mtima wagwa kale usanayambe, mphindi 20 zapita uli chigwirire. Pano chithunzi chimene ndikujambula ndimachisindikiza papepala, foni ndimaisiya kuchipinda china, pa tebulo pamatsala pepala, mapensulo ndi tomato wanga. Komanso kupotokola ndi dzanja kuja kuli ndi kanthu kake, kamakhala ngati ukutseka chitseko, thupi limadziwa kuti tayamba. Ndipo kawotchika sikakumbukira za dzulo, sikasunga mbiri, sikakuuza kuti waphonya masiku atatu, ukabwera patatha sabata kamakulandira chimodzimodzi ngati unabwera dzulo. Kwa munthu amene anapsa ndi ka apu kowerengera masiku, chimenechi nchachikulu kwambiri.

Mphindi 5 zopuma zija poyamba ndinkaziona ngati kutaya nthawi koma zili ndi phindu limene sindinkaliyembekezera. Ndimaimirira, kusamba m'manja chifukwa m'mbali mwa dzanja mumakhala bii ndi pensulo, kumwa madzi, kuyang'ana panja patali kuti maso apume. Pobwerera ndimaima kaye chapatali nkuyang'ana pepala, ndipo zolakwika zimaonekera pompo, diso lakwera kuposa linzake, chibwano chatalika, zinthu zoti ukaweramira pepala ola lathunthu sungazione chifukwa maso azolowera. Kale zoterezi ndinkazitulukira nditapaka kale mithunzi, kufufuta kwake kowawa.

Tsopano zoipa zake, chifukwa zilipo ndithu ndipo sindikufuna wina akagule nkumadzati sindinanene.

Choyamba phokoso. Thiki thiki uja masana sumamumva koma usiku nyumba ikakhala zii amamveka ngati ali m'mutu mwako, ndipo pa tebulo lathabwa amakula chifukwa thabwa limanjenjemera nawo. Sabata yoyamba ankandithamangitsa magazi, ndimamva ngati ndili m'mayeso. Ndinapinda kansalu kanayi nkukakhazika pamenepo, phokoso linatsika kwambiri, ndipo pano ndinazolowera mpaka ndikamumva mtima umakhazikika. Koma mnzanga wina amene amaphunzira gitala anakabweza tsiku lachiwiri, akuti kamamusokoneza kayendedwe ka nyimbo, ndipo akunena zoona, munthu woimba sangapirire kanthu kena kakugunda nthawi yakeyake pambali. Belunso ndi laukali, ngati m'nyumba muli khanda logona kapena mumagona chipinda chimodzi ndi ena, ganizani kawiri.

Chachiwiri sikolondola kwenikweni. Ndinakayesa ndi wotchi ya pafoni kangapo, ndikatchera pa 25 kamalira mphindi imodzi isanakwane nthawi, pena kupitirira pang'ono. Pa kujambula zilibe kanthu. Koma pa nthawi zifupizifupi ndi pamene kamavuta, kutchera mphindi 5 zopuma kumafuna diso chifukwa timizere tathinana, pena kamalira pa 3, nde ine zopuma ndinasiya kutchera, ndimangoyerekeza. Kulibenso koimitsa, munthu akagogoda pakhomo nthawi imangopita, ukabwerako uyambirenso.

Chachitatu nkosalimba. Koyamba kaja, ka mlongo wanga, kanagwa pa tebulo mwezi wachitatu nditakakankha ndi chigongono, kunja sikanasweke koma mkati china chake chinasuntha, kanayamba kumaima pa 12 nkungokhala chete. Tsiku limenelo ndinajambula pafupifupi maola awiri ndikudikira belu loti silibwera, ndinadzuka khosi litauma ngati kale lija, ndipo mpamene ndinaona kuti ndimakadalira zedi. Pansi pake panalibe ndi dzina la kampani lomwe, nkapulasitiki wamba. Ndinagula kena, kooneka chimodzimodzi koma kolemererapo, ndipo aka kakugwirabe ntchito bwinobwino. Fumbi la pensulo ndi nyenyeswa za labala zimakonda kulowa pa mzere wapakati paja nde ndimakapukuta ndi kansalu kouma, madzi ayi, mkati muli zitsulo zoti zitha kuchita dzimbiri.

Koma chachikulu chimene ndalimbana nacho si cha kapangidwe, ndi belu kulira pamene zinthu zafika pokoma. Aliyense amene amapanga zaluso amaidziwa nthawi ija imene dzanja limangoyenda lokha, sukumvanso njala kapena phokoso la panja, tsitsi la munthu likungotuluka papepala ngati likumera. Nthawi imeneyo siibwera tsiku lililonse ndipo belu likalira pamenepo zimawawa, ena amadana nayo njira ya Pomodoro pa chifukwa chomwechi, amati mphindi 25 nzochepa pa ntchito yofuna kuzama. Sindikuwatsutsa kwenikweni. Ine nditayamba kuchira ndinakweza kufika pa 35, chifukwa mphindi 10 zoyambirira zimathera kusongola mapensulo ndi kuzolowetsa dzanja. Ndinayesa 50 koma ndinaona zakale zija zikuyamba kubwerera, ndinatsika msanga. Ndipo pa funso loti belu likalira zikukoma ndipitirize kapena ayi, ine ndinasankha kuima, nthawi zonse, chifukwa ndimadzidziwa, ndikangolola kamodzi kuti lero lokha, mawa ndidzalolanso, sabata ikamatha mpanda wagwa. Munthu amene sanafike potopa ngati ine akhoza kumasuka pamenepa, koma amene anafikapo potsekera zida zake m'drowa ndingamulangize kuti amvere belu kaye miyezi ingapo.

Pali zina zimene kawotchika sikangakuchitireni ndipo ndikananama ndikanati kanakonza zonse. Sikangakane anthu m'malo mwanu. Mndandanda wa anthu 11 uja ndinachita kuwalembera mmodzimmodzi kupepesa kuti sinditha, ena anamvetsa ena anakhumudwa ndithu. Ovuta kwambiri anali malume anga amene ankafuna chithunzi cha malemu agogo athu, ndinachita kuwaimbira.

"Malume, chithunzi chija ndidzajambula koma musandipatse tsiku, ndikachita mothamanga sichidzaoneka bwino ndipo ine chidzandiwawa."

Anakhala chete pang'ono kenako anati, "Iwe mphwanga, agogo akowo sakuthawa, udzajambule mtima ukadzafuna."

Pano ndimalandira chithunzi cha munthu mmodzi yekha pa nthawi, chikatha ndimajambula changa chimene ndafuna ndekha, kaya nsapato yakutha kaya dzanja la munthu, kenako mpamene ndimalandira china. Masamu ake kawotchi komweka nkamene kanandiphunzitsa, chifukwa tsopano ndimadziwa kuti nkhope imodzi yabwino imandidyera matomato 10 kapena 12, ndiye pa matomato 2 madzulo amodzi, masiku 3 kapena 4 pa sabata, ndi milungu iwiri imeneyo. Kale munthu akati Lachisanu ndimangovomera chifukwa sindinkadziwa kuti ntchito yanga imatenga nthawi yaitali bwanji. Zoika pa intaneti ndinachepetsanso, ndimaika chikatha ndipo pena osaika nkomwe, zina ndi zanga ndekha. Ka apu kaja ndinakachotsa.

Chinanso, pamene ndinali nditasiya kujambula ndinkadzaza mpatawo ndi zina, ndinayamba kuphunzira chilankhulo china, ndinayamba kulemba nkhani zifupizifupi, ndinkafunanso kuyamba kujambula ndi kamera, zonse nthawi imodzi ndipo chilichonse ndimachiikira malamulo ngati omwe aja. Paja amati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Matomato 2 aja pano ndi a zonse pamodzi, osati chilichonse akeake, nde ndikasankha kulemba madzulo amenewo ndiye kuti kujambula kudikira mawa. Zinandikakamiza kuona kuti chimene ndimachikondadi nchiti, ndipo kamera ija ndinaisiya osadandaula.

Ndinenenso ichi mosabisa chifukwa nchofunika. Ngati kutopa kwanu sikuli pa chinthu chimodzi chokha, ngati zonse zasiya kukoma, tulo sitikubwera kapena mukungogona, kudya kwasintha, simukufuna kuona anthu ndipo zatenga milungu, kawotchi si mankhwala a zimenezo. Kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa zamaganizo, ndipo uzani munthu amene mumamukhulupirira. Ine vuto langa linali pa tebulo lojambulira pokha, kwina konse moyo unkayenda, nchifukwa chake kanthu kakang'ono ngati aka kanakwanira.

Amene mukufuna kugula, musangotola chifukwa kakuoneka bwino. Kagwireni m'manja, kapotokoleni mpaka kumapeto mumve ngati kakuyenda mosakakamira, kabwezeni pa 1 kapena 2 mudikire kalire pomwepo kuti mumve belu lake ndi thiki thiki wake ngati mungapirire. Onani manambala ngati alembedwa mooneka bwino chifukwa a penti yopyapyala amafufutika ndi thukuta la m'manja, onaninso pansi pake ngati kakukhazikika osagwedera. Kolemererapo nkabwino kuposa kopepuka. Sikuti mpaka kakhale ka tomato, tilipo tooneka ngati dzira, tina ngati apulo, tina tachitsulo tozungulira basi, mkati ndi chimodzimodzi. Amene phokoso limakuvutani tilipo ta batire topanda thiki thiki, kapena kagalasi ka mchenga kaja kongotembenuza, kungoti ka mchenga sikalira nde ukazama sungakaone kuti katha. Kwa oluka, osoka, olemba, ojambula, owerenga, onse amene amakhala pansi ndi chinthu mpaka kuiwala kudzuka, ine ndikuti kayeseni. Pa nyenyezi 5 ndikapatsa 4, imodzi ndachotsa chifukwa cha kusalimba ndi phokoso lija.

Agogo a diso limodzi aja ndinawatulutsa m'drowa mwezi wachiwiri. Pepala linali litachita chikasu pang'ono m'mphepete ndipo diso lakumanja lija linkandiyang'ana mmene ndinalisiyira. Lakumanzere linanditengera madzulo awiri, belu linalira ndili pa chikope chapansi ndipo ndinaimirira, mawa lake nkudzamaliza. Ndinawasiyanso kaye nkujambula cha malume chija, chinatha ndipo anachiika m'felemu. Sabata ino ndabwereranso kwa agogowa, ndevu zatha dzulo, kwatsala khutu lakumanzere ndi kolala ya malaya, khutulo ndiliyamba Lachinayi.